Chithunzi chatsopano tsiku lililonse pa makompyuta onse a pa netiweki: chimakanika pati?

Funso: Ndimayang'anira makompyuta pafupifupi 60 pa sukulu ina yophunzitsa ntchito zamanja. Onse ali pa domain imodzi ya Windows Server, ndiye kuti amayang'aniridwa pamodzi kuchokera pa seva. Ena ali ndi Windows 10, ena Windows 11, ambiri ndi a mtundu wa Pro, ochepa ndi a Education, ndipo 10 mwa iwo ndi malaputopu a aphunzitsi. Akuluakulu a sukulu akufuna kuti tsiku lililonse pa desktop ndi pa lock screen, sikirini imene imaoneka kompyuta ikakhomedwa, pazioneka chithunzi chatsopano chokhala ndi uthenga wa tsikulo. Ndinaika chithunzi mu foda ya pa seva n'kuchilozera ndi Group Policy, njira imene seva imatumizira malamulo ku makompyuta, ndipo m'mawa uliwonse ndimachotsa chakale n'kuikapo chatsopano cha dzina lomwelo. Makompyuta ena amasintha, ena amakhalabe ndi cha dzulo, malaputopu nthawi zina amangoonetsa mdima, ndipo lock screen pa makompyuta ambiri sinasinthepo n'kamodzi komwe. Kodi ndikulakwitsa pati, ndipo ndingatani kuti zizichitika zokha?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mwachita bwino kutchula mitundu ya makompyuta amene muli nawo, chifukwa theka la yankho lagona pamenepo. Zimene mukuziona ngati vuto limodzi ndi mavuto atatu amene angokumana pa sikirini imodzi, ndipo lililonse lili ndi gwero lakelake. Ndiyamba ndi magwerowo, popeza munthu amene sanawamvetse amatha masiku akuyenda kompyuta ndi kompyuta kulemba gpupdate /force, mawu okakamiza kompyuta kutenganso malamulo a pa seva, n'kumadabwa kuti palibe chimene chikusintha.

Windows sionetsa chithunzi kuchokera pamene inu munachisunga. Munthu akalowa mu akaunti yake, Windows imatenga chithunzicho, imapanga kope lake, n'kulisunga mu foda ya munthuyo ya AppData\Roaming\Microsoft\Windows\Themes pa dzina lakuti TranscodedWallpaper, ndipo kope limeneli ndi limene amaliona pa desktop tsiku lonse. Lamulo la Desktop Wallpaper limene munatsegula mu Group Policy silisunga chithunzi ayi, limangosunga njira yopita kumene chili. Kompyuta ya pa domain imafunsa seva za malamulo pakatha mphindi 90 zilizonse, kuwonjezerapo mphindi zina zosapitirira 30 zimene imadzisankhira yokha kuti makompyuta onse asafunse nthawi imodzi, koma funso lake limakhala lakuti, kodi lamulo lasintha? Kwa inu lamulolo silinasinthe chiliikireni, pakuti njira ndi dzina la fayilo n'zomwezo. Chimene chikusintha ndi zam'kati mwa fayiloyo, ndipo zimenezo Group Policy siziyang'ana. N'chifukwa chake ophunzira amene amatuluka mu akaunti zawo madzulo n'kulowanso m'mawa nthawi zambiri amaona chithunzi chatsopano, pamene wa mu ofesi amene amangokhoma kompyuta yake n'kumapita kunyumba amapeza cha dzulo, mwinanso cha sabata yatha.

Mdima wa pa malaputopu ukuchokera kwina. Mwauza Windows kuti chithunzi chili pa seva, koma Windows silindira netiweki isanalowetse munthu amene analowapo kale pa kompyutayo. Imamulowetsa pogwiritsa ntchito zimene inasunga, ndipo netiweki imabwera pambuyo. Pa kompyuta ya waya kuchedwako n'kochepa, koma pa laputopu Wi-Fi imatha kulumikizika munthu atalowa kale, ndipo mphunzitsi akatengera laputopuyo kunyumba seva sipezeka n'komwe. Windows ikafunafuna fayiloyo osaipeza, imaika mdima. Ena amathamangira kutsegula lamulo lakuti Always wait for the network at computer startup and logon, koma ine sindikulangizani kutero chifukwa cha chithunzi chabe, popeza limachedwetsa aliyense polowa ndipo kwa laputopu imene ili kunyumba silithandiza chilichonse.

Za lock screen, mlandu si wanu. Lamulo lakuti Force a specific default lock screen and logon image, limene lili pansi pa Computer Configuration, Administrative Templates, Control Panel, Personalization, limamveredwa ndi Windows ya Enterprise, ya Education ndi ya Server. Kuyambira pa Windows 10 ya 1607, imene inatuluka mu 2016, mtundu wa Pro umalandira lamuloli koma sulitsatira, ndipo ngakhale gpresult, chida choonetsa malamulo amene kompyuta yalandira, ikuonetseni kuti lafika, pa sikirini sipasintha kanthu. Mukapita kukaona makompyuta ochepa aja amene lock screen yawo inasinthapo, ndikukhulupirira mupeza kuti ndi a Education. Nawonso ali ndi vuto la dzina lomwelo, chifukwa Windows imasunganso kope la chithunzi cha lock screen mu foda yotetezedwa ya C:\ProgramData\Microsoft\Windows\SystemData. Mudzapeza anthu okulangizani kuti mulande umwini wa foda imeneyi n'kumafufutamo mafayilo tsiku lililonse. Musatero. Foda imeneyo anaitchinga dala, ndipo kusokoneza zilolezo zake pa makompyuta 60 n'kudziputira ntchito ina yaikulu kuposa imene mukufuna kuthetsa.

Mankhwala a zonsezi ndi mfundo ziwiri: chithunzi chilichonse chikhale ndi dzina lakelake, ndipo Windows izichiwerenga pa diski ya kompyuta yomweyo, osati pa seva. Kuti zimenezi zitheke, ntchitoyi muigawe patatu. Seva izisunga zithunzi, kompyuta iliyonse izikopera zithunzizo n'kukonza lock screen pogwiritsa ntchito akaunti ya SYSTEM, imene ndi ya Windows yeniyeniyo ndipo ili ndi mphamvu zonse pa kompyuta, ndipo desktop izisinthidwa mu akaunti ya munthu amene walowa. Group Policy ikhalabe pa ntchito, koma udindo wake ukhale wofikitsa ku makompyuta ma script, timapulogalamu tating'ono timene mumalemba nokha, ndi ma task, amene amayendetsa ma script pa nthawi yoikika, osati wosankha chithunzi.

Pa seva pangani foda yogawana, ndipo zithunzi muzizitchula ndi deti la tsiku limene ziyenera kuoneka, chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2026-03-09.jpg. Kalembedwe kameneka kamachititsa kuti mafayilo azindandalikika okha motsatira masiku, ndipo mu PowerShell, chinenero cholembera ma script pa Windows, mawu akuti Get-Date -Format yyyy-MM-dd amakupatsani dzina la lero mosavuta. Pa zilolezo ndi pamene ambiri amagwa. Task yoyenda ngati SYSTEM ikamapita pa netiweki sipita m'dzina la munthu aliyense, imapita m'dzina la kompyutayo, lija limathera ndi chizindikiro cha $ mu Active Directory, kaundula wa maakaunti a pa domain. Choncho gulu la Domain Computers lipatsidwe chilolezo chowerenga, pa share, kumene ndi kugawana fodayo pa netiweki, komanso pa NTFS, zilolezo za pa diski yeniyeniyo, chifukwa pa ziwirizi chokhwima ndi chimene chimapambana. Mukapereka chilolezo kwa Domain Users okha, script idzayenda bwinobwino inu mukamaiyesa ndi manja, koma idzakanika mwakachetechete ikamayenda yokha, ndipo kulephera kotereku kumazunguza mutu chifukwa kumaoneka ngati kompyuta ikuchita mwano. Chilolezo cholemba mu fodayo chipite kwa anthu awiri kapena atatu okha amene amakonza zithunzi. Zithunzizo musaziunjike mu SYSVOL kapena NETLOGON. Kumeneko ikani script zokha, popeza zonse za mmenemo zimakoperedwa ku ma domain controller onse, maseva oyang'anira domain, ndipo si nkhokwe ya zithunzi mazanamazana.

Pa kompyuta iliyonse pakhale foda yolandirira, tinene kuti C:\ProgramData\Zithunzi. Apa pali msampha wa chitetezo umene suoneka msanga. Foda yatsopano mu ProgramData imatengera zilolezo zimene zimalola munthu wamba kuikamo mafayilo ake, ndipo pa sukulu simudzasowa wophunzira wochenjera amene adzazindikira kuti akaikamo yekha fayilo ya deti la mawa, mawa kompyutayo idzaonetsa chimene iye wafuna. Choopsa kwambiri n'chakuti ngati script yoyenda ngati SYSTEM ili mu foda imene wophunzira angathe kulembamo, mwamupatsa makiyi a kompyuta yonse. Konzani zilolezo kuti gulu la Users lizingowerenga, ndipo olemba akhale SYSTEM ndi Administrators basi.

Pokopera gwiritsani ntchito robocopy, imene imabwera kale ndi Windows ndipo imadumpha mafayilo amene sanasinthe. Chinthu chimodzi chimene chingakupulumutseni ku mavuto ambiri ndi kukopera zithunzi za masiku akutsogolo, osati cha lero chokha. Ngati okonza zithunzi amaika za sabata yonse Lachisanu, kompyuta iliyonse imakhala kale ndi za Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo kaya seva yazima, kaya switch yapsa, kaya laputopu ili kumudzi ndi mwini wake, chithunzi chidzasinthabe pa tsiku lake. Musaiwale kulemba /R:1 ndi /W:5. Mukapanda kutero, robocopy ikalephera kukopera fayilo imayesanso mpaka maulendo 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 pakati pa ulendo uliwonse, ndipo task yanu idzangoti ikuyenda mpaka kalekale. Dziwaninso kuti robocopy ikatha imabweza nambala, ndipo nambala iliyonse yochepera 8 si kulephera. Nambala 1 imangotanthauza kuti yakopera mafayilo, ngakhale kuti mu Task Scheduler imaoneka ngati 0x1 n'kumaopseza anthu. Pa /MIR samalani, chifukwa imafufuta pa kompyuta chilichonse chimene sichili pa seva, ndipo tsiku limene wina adzasese foda ya pa seva molakwitsa, makompyuta onse adzasesedwa naye limodzi. Ndi bwino script yanu izifufuta yokha zithunzi zimene deti lake lapitirira masiku 14.

Script yomweyi, popeza ili ndi mphamvu za SYSTEM, ndiyo ikonze lock screen. Njira imene imagwira pa mitundu yonse imene muli nayo ndi kulemba mu registry, nkhokwe imene Windows imasungamo makonzedwe ake, pa HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\PersonalizationCSP. Mmenemo LockScreenImagePath ndi LockScreenImageUrl zonse zilozere fayilo ya pa diski ya kompyutayo, ndipo LockScreenImageStatus ikhale DWORD ya nambala 1. Malo amenewa ndi amene Intune ndi mapulogalamu ena oyang'anira zipangizo amagwiritsa ntchito, ndipo anabwera ndi Windows 10 ya 1703. Dzina la fayilo likasintha, Windows imapanga kope latsopano yokha popanda inu kukhudza foda yotetezedwa ija. Ndikuuzeni mosabisa kuti Microsoft inakonzera njira imeneyi Enterprise ndi Education. Pa Pro anthu ambiri oyang'anira makompyuta amaigwiritsa ntchito ndipo imagwira, koma palibe amene anakulonjezani kuti idzagwirabe mpaka liti, choncho muziiyesanso nthawi iliyonse imene Windows yalandira kusintha kwakukulu kwa pachaka. Lamulo lija la Force a specific default lock screen libwezereni pa Not configured kuti lisamalimbane ndi script pa makompyuta a Education. Popeza ndinu sukulu, funsaninso amene amakugulitsani ziphaso za Microsoft ngati mungasamutsire makompyuta anu ku Education. Kusamuka kuchoka pa Pro kumangofuna kusintha kiyi, sikufuna kuikanso Windows, ndipo kungakutsegulireninso lamulo lozimitsa Windows Spotlight, pulogalamu ija imene imabweretsa zithunzi zake za pa intaneti pa lock screen, pakuti lamulo limenelonso Pro silimvera.

Pali chinthu china cha lock screen chimene ndikufuna muwauze akuluakulu anu musanayambe, kuti asadzanene kuti munawagwiritsa fuwa la moto. Kompyuta ikayatsidwa m'mawa, lock screen imaoneka script isanayende. Munthu woyamba kufika adzaona chithunzi chimene chinasiyidwa pamene kompyutayo inkazimitsidwa, ndiye kuti cha dzulo, ndipo Lolemba adzaona cha Lachisanu. Cha lero adzachiona akadzakhoma kompyuta popita kukamwa tiyi. Mungathe kuzemba vutoli pouza script kuti ikakwana 4 koloko madzulo iziika chithunzi cha tsiku lotsatira la ntchito, koma pamenepo amene amagwira ntchito mpaka 5 koloko adzaona uthenga wa mawa lero, ndipo tsiku limene magetsi adzazime 3 koloko dongosolo lonselo lidzasokonekera. Maganizo anga ndi akuti pa lock screen muziika uthenga umene ungakhale sabata yonse osaonongeka, monga chikumbutso chokhoma kompyuta kapena masiku a mayeso a mwezi uno, ndipo uthenga wakuti lero kuli chakuti uzipita pa desktop, pamene mungathe kuusintha munthu akangolowa. Kumbukiraninso kuti lock screen imaonedwa ndi aliyense wodutsa, mlendo ndi wokolopa yemwe, choncho pasiwedi ya Wi-Fi kapena maina a amene sanalipire fizi si zoika pamenepo.

Desktop ndi ya munthu, si ya kompyuta, ndipo zokonda zake zimasungidwa mu HKEY_CURRENT_USER. Script yoyenda ngati SYSTEM ikalemba mmenemo imalembera SYSTEM yemweyo, amene alibe desktop yoti munthu aione, ndipo n'chifukwa chake pakufunika script yachiwiri yoyenda m'dzina la amene walowa. Ntchito yake ndi yochepa. Ipeze fayilo ya lero mu C:\ProgramData\Zithunzi, ilembe WallpaperStyle kukhala 10 ndi TileWallpaper kukhala 0 pansi pa Control Panel\Desktop kuti chithunzi chidzaze sikirini, kenako iuze Windows kuti isinthe pompopompo. Kulemba mu registry kokha sikusintha zimene zili pa sikirini. Chimene chimasintha ndi kuitana SystemParametersInfo ya mu user32.dll, imene PowerShell imaifikira kudzera mu Add-Type. Mumaipatsa nambala 20, imene imaimira kusintha chithunzi cha pa desktop, kenako 0, kenako njira ya fayilo, ndipo pomaliza 3, imene imauza Windows kuti isunge kusinthako ndi kudziwitsa mapulogalamu ena. Pali mzere wina wofala wa rundll32 wokhala ndi mawu akuti UpdatePerUserSystemParameters. Umagwira lero n'kukana mawa, ndipo ena amaubwereza kangapo mu script poyembekeza kuti ulendo umodzi ugwira. Usiyeni.

Lamulo la Desktop Wallpaper lichotseni ndithu, chifukwa likakhalapo limaposa chilichonse chimene script yaika. Ngati simukufuna kuti ophunzira azisintha chithunzi, tsegulani lamulo lakuti Prevent changing desktop background, limene limatseka malo osinthira mu Settings. Silitseka zipata zonse, ndipo wophunzira wolimbikira adzapeza pulogalamu ina yomusinthira, koma popeza script yanu idzayendanso posachedwa, chithunzi chakecho sichidzakhalitsa. Ngati mumagwiritsa ntchito BGInfo ya Sysinternals polemba dzina la kompyuta ndi IP pa desktop, dziwani kuti nayonso imasintha chithunzi chomwecho, choncho iziyenda pambuyo pa script yanu, osati patsogolo.

Tsopano za nthawi, pamene pagona kusiyana kwa dongosolo logwira pa pepala ndi logwira mu labu. Ma task onse awiri apangeni mu Group Policy Preferences, pansi pa Control Panel Settings ndi Scheduled Tasks. Ya SYSTEM ikhale ku Computer Configuration, ndipo ya munthu ikhale ku User Configuration, yoyenda ngati %LogonDomain%\%LogonUser% komanso pokhapokha munthuyo atalowa. Musadalire choyambitsa chimodzi. Task yongoyenda 6 koloko m'mawa ilibe ntchito ngati nthawi imeneyo makompyuta amakhala ozima, choncho chongani pamene palembedwa kuti Run task as soon as possible after a scheduled start is missed. Choyambitsa cha At startup nachonso chimanamiza, chifukwa pa kompyuta imene Fast Startup ndi yotsegula, kuzimitsa si kuzimitsa kwenikweni koma kugoneka mbali ina ya Windows pa diski, ndipo poyatsanso task imeneyo siyenda. Chimene ndimachita ine n'chakuti task ya SYSTEM iziyamba kompyuta ikayatsidwa, munthu aliyense akalowa, komanso izibwereza ola lililonse, ndi kuchedwa kwa mphindi zingapo kosankhidwa mwachisawawa kuti onse 60 asagogode pa seva nthawi imodzi. Ya munthu iziyamba akalowa, akatsegula kompyuta yokhoma, komanso ola lililonse. Kubwereza kotereku sikulemetsa kompyuta ngati script imayamba yaona kuti chithunzi choyenera chilipo kale n'kungotuluka. Ma logon script akale aja sindiwakonda pa ntchito imeneyi, chifukwa kuyambira pa Windows 8.1 akhoza kuchedwetsedwa mpaka mphindi 5 munthu atalowa, ndipo sayendanso kufikira atatuluka n'kulowanso.

Pa malaputopu pali kabokosi kamodzi kamene kanandidyera masiku awiri pa ofesi ina imene ndinkathandiza. Zonse zinali m'malo mwake, makompyuta a pa tebulo ankasintha bwino, koma malaputopu ankasintha masiku ena n'kukana masiku ena popanda dongosolo lililonse looneka. Ndinayang'ana zilolezo, ndinayang'ana Wi-Fi, ndinalembanso script. Tsiku lachitatu ndili pa tebulo la mayi wina wa ku akaunti, magetsi anabwera cha m'ma 10 koloko, fani ya padenga inayamba kuzungulira, ndipo pasanathe ola laputopu yawo inasintha chithunzi. Pamenepo m'pamene ndinatsegula tsamba la Conditions la task ija n'kupeza kuti mawu akuti Start the task only if the computer is on AC power ali ochonga, monga mmene amakhalira pa task iliyonse yatsopano. Masiku amene malaputopu ankakana anali masiku amene magetsi anazima m'mawa anthu n'kumagwira ntchito pa batire. Chotsani chongacho pa ma task onse awiri.

Ganiziraninso za tsiku limene kulibe chithunzi, chifukwa lidzafika. Walira mvula walira matope: amene wapempha chithunzi chatsopano tsiku lililonse wapemphanso munthu wochikonza masiku oposa 200 a ntchito pa chaka, ndipo munthuyo adzadwala, adzapita kumaliro, adzaiwala. Script ikapanda kupeza fayilo ya lero isasiye ya dzulo, popeza uthenga wakuti msonkhano uli lero 2 koloko ukakhala masiku atatu umasokoneza anthu. Konzani kafoda kena ka zithunzi 20 kapena 30 zopanda uthenga wa tsiku, monga za nyumba za sukulu ndi ntchito za ophunzira, ndipo script izisankhamo potenga nambala ya tsikulo m'chaka, kuigawa ndi chiwerengero cha zithunzizo, n'kutenga chotsala. Mwa njira imeneyi makompyuta onse amasankha chithunzi chimodzimodzi popanda kufunsana. Zonsezi zimadalira wotchi ya kompyuta. Kompyuta yakale imene kabatire kake ka pa motherboard, kaja ka CR2032, kanatha, imadzuka ndi deti lolakwika, ndipo kuwonjezera pa kusankha chithunzi cholakwika ikhozanso kukanidwa pa seva, chifukwa Kerberos, njira imene domain imatsimikizira amene akulowa, salola kusiyana kwa nthawi kopitirira mphindi 5.

Chithunzi chenichenicho chikonzedwe pa 1920 ndi 1080, chimene chimakwananso bwino pa masikirini a 1366 ndi 768 chifukwa maonekedwe ake ndi ofanana. Ngati muli ndi masikirini akale aja ooneka ngati bokosi, kudzaza sikirini kudzadula m'mbali, choncho mawu akhale chapakati, kutali ndi kumanzere kumene kumakhala ma icon ndi m'munsi mmene muli taskbar. Pa lock screen wotchi imakhala m'munsi kumanzere pa Windows 10, koma pa Windows 11 ili m'mwamba chapakati, ndipo popeza muli ndi zonse ziwiri malo onsewo asiyeni opanda mawu. Windows imafinyanso chithunzi cha JPEG popanga kope lija, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimatha kuoneka zachimbuuzi. Mukaona zimenezo, ikani JPEGImportQuality ya nambala 100 pansi pa Control Panel\Desktop, koma nthawi zambiri kukulitsa zilembo n'kokwanira. Fayilo ya theka la megabyte ndi yabwino. Pa makompyuta 60 ndi ma megabyte 30 pa tsiku, zimene netiweki ya m'kati siizimva n'komwe, koma kompyuta iliyonse ikamakatenga yokha chithunzi pa intaneti, pa masiku 22 a ntchito mwadya ma megabyte 660 a bandulo pa chithunzi chimodzimodzi chotsitsidwa maulendo 60 tsiku lililonse. Ngati mudzafune zithunzi za kunja, seva yokha ndiyo izitsitsa, ndipo onetsetsani kuti eni ake amalola, chifukwa zithunzi zokongola za Bing zili ndi eni ake ndipo si zoti sukulu ilembepo uthenga wake n'kumagawa.

Musayambe ndi makompyuta onse. Pangani OU yoyesera, kagulu ka makompyuta mu Active Directory kolandira malamulo akeake, muikemo kompyuta imodzi ya Pro, imodzi ya Education ndi laputopu imodzi, ndipo muziyese kwa sabata yathunthu kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu, mutazula waya wa netiweki tsiku lina ndi chaja tsiku lina. Script iliyonse izilemba mzere umodzi mu fayilo ya log wonena nthawi, chithunzi chimene yasankha ndi nambala imene robocopy yabweza. Ya munthu izilemba mu foda ya munthuyo, popeza mu foda ya zithunzi mwamuletsa kulemba. Mukafuna kudziwa ngati lamulo lafika, gpresult /h ikupatsani lipoti lonse, ndipo ngati task ilipo koma script siyenda, yang'anani execution policy ya PowerShell, lamulo lonena ma script amene aloledwa kuyenda. Ambiri amangolemba -ExecutionPolicy Bypass pa task, ndipo zimagwira, kupatula ngati Group Policy ina inakhwimitsa kale lamulolo, pamene mufunika kusaina script zanu. Makompyuta anu a Windows 10 adzatsatira zonsezi mofanana ndi a Windows 11, ngakhale kuti Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lothera chithandizo chake chanthawi zonse, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yoti muikambe ndi akuluakulu omwewo.

Lembaninso lero lomwe script yachitatu yobwezera zonse mmene zinalili. Zolemba za mu PersonalizationCSP sizichoka zokha mukachotsa Group Policy, ndipo zikatsala, lock screen imakhalabe pa chithunzi chomaliza, malo osinthira mu Settings ali otseka ndi uthenga wakuti bungwe lanu ndi limene likuyang'anira. Ma task a Preferences nawonso sachoka pa kompyuta pokhapokha mutachonga Remove this item when it is no longer applied pa tsamba la Common, kapena mutawasintha kukhala Delete n'kudikira kuti makompyuta onse alandire lamulolo musanalifufute.